Juzi ya Amayi

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala, hafu pasiti thu masana, pamene chikwama cha zovala za amayi anga chinafika ku Maryhill, dera lina la mumzinda wa Glasgow. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Panali patatha chaka amayi atamwalira kwathu ku Ntcheu, ndipo ine ndinali nditangotha miyezi itatu ku Glasgow, kwa mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene ananditenga kuti andilere pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, Tadala.

Tsiku limenelo m'nyumba munalibe popondapo. Mawa lake kutchalitchi kunali mapemphero a masika, ndiye mayi aang'ono ankakazinga mandasi a mpingo wonse. Bambo aang'ono ankangokwera ndi kutsika masitepe ndi majumbo a kushopu. Tadala anali atangobwera ku mpira, nsapato zili matope ndi masamba onyowa. Mkati mwa piringupiringu ameneyu munalowa mayi wina wakumpingo amene anali atangochokera kumudzi. Achibale anali atagawana zovala za malemu monga mwa mwambo, ndipo gawo lathu anapatsira iyeyo.

Mayi aang'ono anatsegula chikwamacho manja ali ufa. Munali zitenje ziwiri, duku, ndi juzi yofiirira yoluka imene amayi ankavala m'mawa nthawi yachisanu. Fungo lake linandipeza ndisanaigwire: utsi wa nkhuni ndi mafuta awo odzola. Ndinafuna kunena kuti ndi yanga, koma pakamwa panga ndi polemera chibadwire, makamaka pamaso pa alendo. Nthawi yomweyo Tadala anati akumva kuzizira. Mayi ake anangomuveka juziyo, n'kumukonza kolala, n'kubwerera ku mafuta awo.

Inamukwana bwino, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa koposa. Tadala anali ndi mayi womukonza kolala, bambo womuperekeza ku mpira, chipinda chakechake, ndi Chingerezi chothamanga chimene ine sindinkatolapo kanthu. Tsopano anatenganso fungo la amayi anga, iye amene sanawaonepo n'kamodzi komwe. Ankadya mandasi ataivala, nyenyeswa zikugwera pachifuwa. Ine ndinkaziwerenga ndi maso.

Atatituma kukataya zinyalala kuseri kwa nyumba, ndinamulankhula motsitsa m'Chichewa, chimene ankamva ngakhale ankayankha m'Chingerezi. Ndinamuuza kuti kwathu munthu akavala chovala cha wakufa chisanachapidwe, mwini wake amabwera kudzachitenga, ndipo amayamba ndi kukoka mkono. Linali bodza langalanga. Ndinkangofuna kuti aivule andipatse.

Anaivuladi, koma sanandipatse. Anathamanga masitepe onse akulira, ndipo pamene ndinkalowa m'nyumba, juziyo inali ikuzungulira kale m'makina ochapira pamodzi ndi zovala zake za mpira. Ndinakhala pansi patsogolo pa kagalasi ka makinawo mpaka anasiya. Inatuluka itafupika, youma gwa ngati chiguduli, ikununkhira sopo wa maluwa. Ndinainunkhiza m'khosi, m'khwapa, m'mikono. Amayi munalibe.

Tadala anali ataulula kale zonse, ndiye ndinadikira ndodo. Mayi aang'ono anazimitsa chitofu, anakhala pansi pambali panga, anatenga juziyo n'kuiika pamphuno.

"Ndimati ndiinunkhize alendo akapita," anatero. "Wandimana, Esinati."

Ndinawauza kuti Tadala ali ndi zonse, ine ndilibe kanthu. Mawuwo anatuluka okha pamodzi ndi misozi.

"Ulibe kanthu iwe? Unawamwetsa phala mpaka tsiku lomaliza. Unamva zimene ananena, unaponya dothi m'manda mwawo. Ine achemwali anga ndinawaika m'manda kudzera pa foni, nditadzitsekera m'chimbudzi cha kuntchito. Chibwerere iwe ndimangokuyang'ana. Ndimafuna ndikufunse mmene zinathera, koma ndimaopa kukutokosa pabala."

Anati anamuveka Tadala juziyo kuti mwanayo akhudzeko mayi ake aakulu, kamodzi kokha. Za ine sanaganize, ndipo anapepesa. Aka kanali koyamba munthu wamkulu kundipepesa. Sindinadziwe poyang'ana.

Lero ndili ndi mwana wanga wa zaka ziwiri, timakhala ku Govan, mu Glasgow momwemo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi ndinachigwira: nsanje imakuonetsa za mnzako zokhazokha, zako imakubisira. Miyezi itatu ndinkasirira mwana wokhala ndi mayi, osadziwa kuti m'nyumba momwemo muli munthu wamkulu amene akusirira mwana wamasiye. Fungo lija linali lokwanira tonse atatu, koma bodza langa linatimana tonse.

Lamlungu lotsatira Loweruka lija mawotchi anali atabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira kuno chisanu chikamayandikira, ndiye tinadzuka nthawi ikadalipo. Ndinapeza mayi aang'ono kukhitchini akulongedza zopita nazo kutchalitchi. Ndinaitana Tadala. Anabwera monyinyirika, koma anakhala pansi pakati pa miyendo yanga, ndipo ndinayamba kumuluka tsitsi mizere ing'onoing'ono monga ankandilukira amayi. Popeza maso anga anali pamutu pake, kulankhula kunapepuka. Ndinayambira m'mawa umene amayi anapempha madzi a mandimu n'kufunsa ngati mng'ono wawo waimba foni. Ndinanena amene anawasambitsa, amene ananyamula bokosi, ndi mtengo umene uli kumutu kwa manda awo. Mayi aang'ono anasiya zimene ankachita, anakoka mpando. Pamene sanamvetse ankandibweza, ine n'kubwereza. Bambo aang'ono anaimba belu la galimoto kawiri, kenaka anasiya. Kutchalitchi tinalowa abusa ali pakati pa ulaliki.