Dzina Limene Ndidalikana Padooko

Ndikukumbukira bwino nthawi imene kwathu ku Lundu chilichonse chatsopano chinkatchedwa Orore. Ndidali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, ngakhale masiku amenewo zaka sitinkawerenga. Kudafika ansembe achizungu ochokera ku Falansa, aatali, a ndevu zofika pachifuwa, moti tidangowatcha Bambo Ndevu. Bwato lawo la matabwa adalilemba Orore m'mbali mwake. Belu limene adalipachika mumtengo wa msawu lidali Orore. Kamunda ka mandimu kuseri kwa tchalitchi cha udzu nakonso Orore. Ngakhale bulu wawo, nyama youma mutu ndi yolira ngati akuizinga, nayo Orore. Ankati m'Chifalansa mawuwo ndiye kuti m'bandakucha. Akuluakulu akakhala pansi kusankha thonje ankaseka nkumati, "Mzungu uyu katundu adalongedza wambiri, koma dzina adangonyamula limodzi."

Nthawi yomweyo anthu ankathawa nkhondo ku Chipwitikizi, dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, nkumawolokera kuno. M'mawa wina amayi anga popita kudimba adapeza mtsikana wamsinkhu wanga atakhala m'bango yekhayekha, mapazi atatupa ndi minga. Adabwera naye kunyumba, kumusambitsa, kumumwetsa phala la mapira. Atamufunsa dzina, adayankha m'Chisena chake, "Dzina yanga yasala na mama." Amayi sadafunsenso. Patapita miyezi, Bambo Ndevu adamubatiza, ndipo simungavutike kulota dzina limene adamupatsa. Mtsikanayo adalikonda kwambiri. Ndinkamumva akudzitchula yekha chapansipansi potunga madzi, ngati munthu akuyesa nsalu yatsopano.

Ine ndinene mosabisa, kaduka kadandigwira. Mphasa imene ndinkagona ndekha tsopano tinkagona awiri. Mafuta a nsatsi amayi ankayamba kudzoza iye, ine pambuyo. Ndiye poti pakamwa ndidali wakuthwa kuyambira ndili wamng'ono, ndidapeza pomubayira. Bulu uja akangolira, ndinkamutembenukira Orore nkunena, "Yankhatu, mnzako wa dzina akukupatsa moni." Ana anzathu adatengera, moti akamuona akubwera ankayamba kulira ngati abulu. Iye sankabweza. Ankangoweramitsa mutu, koma akapeza malambe ankandisungirabe ena m'nsalu mwake.

Masiku amenewo atsikana awiri akakondana ankapalana chinjira. Ankapatsana mikanda anzawo akuona, kenako nkusinthana maina. Kuyambira tsiku limenelo wina ankaitanidwa dzina la mnzake, ndipo sadalinso alendo: ukwati wa wina, matenda a wina, maliro a kwawo kwa wina, zonse zidali za onse awiri. Orore adali ndi kachingwe ka mikanda yoyera m'khosi, chinthu chokhacho chimene adabwera nacho kuchokera kwa amayi ake.

Tsiku lina masana, dzuwa lathu lakuchigwa likuswa mtengo, tidali padooko kutsuka mbiya ndi atsikana ena. Orore adapukuta manja, adamasula mikanda ija, nandiyandikira atainyamula ndi manja awiri.

"Shamwali," adatero, "ndisafuna dzina yako. Iwe kwata yanga."

Onse adandiyang'ana kudikira yankho langa. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ankapempha m'Chisena chakecho: atenge dzina langa, ine nditenge lake. Mwana wopanda mbale aliyense tsidya lino ankapempha mbale. Koma m'maso mwanga mudangobwera anyamata akundilirira chibulu m'njira.

"Ine Ndaziona ndisanduke bulu?" ndidatero, nkukana moyerekeza Chisena chake: "Nkhabe!"

Atsikana adaseka mpaka wina kugwetsa mbiya. Orore adabweza mikanda m'khosi.

Nkhani idafika kwa amayi ine ndisanafike. Sadandimenye, ndipo bola akadandimenya. Adangoti, "Poti chinenero cha abulu ukuchidziwa, uzikamwetera udzu bulu wa Bambo Ndevu m'mawa uliwonse mpaka mwezi ufe. Mlendo ndi mame, mwana iwe, sachedwa kukamuka." Ine ndidangomva za udzuzo, za mamezo zidandidutsa.

Mwezi usanafe, kudabwera bambo wina pabwato akufunafuna mwana wa mchimwene wake, yemwe adali Orore. Ankapita kukakhala ku Makhanga, kumunsi kwa mtsinje. Amayi adamukhazika Orore pamiyendo ngati khanda nati, "Pano ndi kwanu, mwanangu. Ukafuna kutsala, palibe akukoke." Orore sadayang'ane amayi, sadayang'ane bambo uja, adayang'ana ine. Mawu amodzi okha akadakwanira. Ine ndidaweramitsa mutu nkumajambula pansi ndi chala chakuphazi.

"Takhuta, mama," adathokoza motero, nakwera bwato.

M'mawa mwake popinda mphasa ndidapeza mikanda yoyera ija mbali imene ndinkagona ine. Manyazi adandigwira, ndidaibisa m'chikwatu cha mbewu osauza munthu. Ndidasenza udzu kupita kwa bulu ndikulira njira yonse. Bambo Ndevu adandipeza pakhola, ndipo sindidziwa chimene chidandilimbitsa mtima, koma ndidawafunsa mwaukali chifukwa chimene adapatsira munthu dzina la bulu.

Adakhala pachitsa, nayankha m'Chinyanja chawo chopunduka. "Si la bulu, mwana wanga. Orore adali mlongo wanga wamng'ono. Adamwalira ine ndili panyanja kubwera kuno, manda ake sindidawaone. Ndikaitana bwato, ndikaitana bulu, dzina lake limakhala likadali pakamwa panga." Adasisita bulu uja pakhosi, nawonjezera, "Koma kwa munthu ndidalipereka kamodzi kokha."

Mudzi wonse tinkaseka munthu wosowa maina, chonsecho adali namfedwa. Nafenso timadzutsa maina a akufa athu pa ana obadwa, koma poti iye adadzutsira pabelu ndi pabulu, sitidazindikire.

Zaka zidapita. Ndidakwatiwa, ndidabereka, ndidaona adzukulu. Kangapo ndidati ndipite ku Makhanga, koma chaka china madzi, chaka china thonje, chaka china matenda. Kunena zoona, chidandiletsa ndi manyazi. Ndili kale ndi imvi, pamsika wa ku Chikwawa ndidagula nsomba zouma kwa mayi wina wa ku Makhanga. Atamva mnzanga akundiitana, adadzutsa mutu.

"Inunso ndinu a Ndaziona? Kwathu kudali a Ndaziona ena, azamba. Theka la mudzi wathu tidabadwira m'manja mwawo. Tidawaika dzinja lathali."

Ndidafunsa kumene azambawo adachokera.

"Ku Chipwitikizi. Koma dzinalo ankati adapatsidwa ndi mbale wawo wa ku Lundu, padooko. Ankamutchula pafupipafupi."

Nsomba ndidazisiya pomwepo. Ndidakhala pansi pafumbi pakati pa msika nkulira ngati mwana, anthu nkumaganiza kuti andibera.

Iye mbali yake adakwaniritsa: mikanda adasiya, dzina langa adanyamula moyo wake wonse, ndipo chipongwe changa sadauze munthu. Lero ndikudziwa kuti chimene ndinkateteza padooko paja chidali chaching'ono kwambiri, kuopa kusekedwa masiku ochepa chabe, ndipo ndidachisinthanitsa ndi mbale. Mikanda ija ndidaitunga pachingwe chatsopano, ili m'khosi mwanga ndikulemba pano. Adzukulu ndidawauza kuti azinditcha agogo Orore. Amaseka, amati ndi dzina lachilendo, koma akaitana ndimayankha msanga. Kungoti amene ndinkayenera kumuyankha sadzandimvanso.