Masamba a buku la Taonga apita ndi vitumbuwa

Mwachoma bwanji nonse.

Lero m'mawa mlamu wanga ba Esnart anasowa mapepala okulungira vitumbuwa pa kantemba kawo ku Nangongwe. Anatenga pa mulu umene unali pansi pa bedi la mwana wawo Taonga, poganiza kuti ndi manotsi akale a kusukulu.

Linali buku lija Taonga wakhala akulemba pamanja zaka ziwiri, la mtsikana wa mchira wa nsomba amene akondana ndi kalonga wa mizimu yamapiko ya m'nkhalango. Kope lina kulibe. Titawerenga, masamba 23 anasowa. Taonga sanadye, ndipo sakulankhula ndi amake.

Ndazungulira naye kumsika ndi kusiteshoni, tapeza 14. Tsamba 88 linali m'thumba la kondakitala wa minibasi, lonona mafuta koma lopindidwa bwinobwino. Poyamba anakana kulipereka.

"Ba mudala, mundiuze kaye. Chinjoka chamoto chija chinamupha kalonga, olo anathawa?"

Taonga anati yankho lili pa tsamba 89, lomwe tilibe. Kondakitalayo anapereka lake, nalonjeza kufunsa anzake onse oyenda msewu wa ku Shimabala.

Atsala masamba 9. Amene muli kuno ku Kafue, musayatsire mbaula pepala lililonse musanaliwerenge.

Ba Esnart akuti mwana angolembanso zosowazo. Taonga akuti mawu aja sabwera kawiri. Inu mukuona bwanji? Ine mawa 6 koloko ndikuyambira ku Estates, khomo ndi khomo.