Dazi la Amalume ndi Maka Yakuda

Ndinalemba ndine. Ndikuyamba ndi kuvomera chifukwa mpaka lero pa esiteti paja, kufupi ndi Mkanda, ena amanamizira ana a matenanti. Ayi ndithu, ulemu umenewo ndi wanga.

Inali nthawi ya tchuthi cha mu Ogasiti, nditangomaliza Fomu 2, mphepo ikuulutsa fumbi ndi fungo la fodya wotsiriza amene tinkadinda m'chigafa. Amalume anga a Zakeyo, kapitawo wa pa esiteti komanso mkulu wa mpingo, anali ndi cholembera chonenepa chija timati maka, cholembera manambala pa mabelo. Ukachitsegula chinkatulutsa kafungo kolasa m'mphuno, ndipo pa chiguduli chinkalira kuti tswii. Vuto linali loti amalume sankalekera pa mabelo. Analemba Z.M. pa makasu, pa ndowa, pa pampu ya njinga, pa wailesi, ngakhale pa chipande cha azakhali, n'kumadula kamzere pansi pake. Tsiku lina anatenga malaya anga oyera a sukulu, amene anandigulira okha, n'kulemba Z.M. kunja kwa kolala. Teremu yonse anzanga ankanditcha Belo. Ndinalumbira chamumtima kuti chinthu chimodzi chokha chimene chinatsala chopanda dzina pakhomopo ndidzachilemba ndine, ndipo chinthucho chinali dazi lawo.

Ndinawasaka masiku anayi ngati mbewa ya pa dzenje. Maka inkakhala m'thumba la pachifuwa, chipewa pamutu. Lolemba anagona chagada. Lachiwiri galu anauwa. Lachitatu ndinafika nawo pafupi, koma ntchentche inandilanda ntchito n'kuwadzutsa. Lachinayi masana, atakhuta mbatata, anaiwala maka pa sikelo n'kugona chafufumimba pa ziguduli, chipewa chitagwera pambali. Dazi lija linkanyezimira ngati dzungu lotsuka. Ndinagwira mpweya n'kulemba Z.M., zilembo zazikulu zowerengeka uli kutsidya kwa msewu, osaiwala kamzere kapansi.

Madzulo onse anayendera ntchito chipewa chili m'manja chifukwa cha thukuta. Amayi osankha fodya ankangoluma nsonga za zitenje, misozi ili mbwe. Palibe anayerekeza kuwauza, mpaka azakhali atawaona akuwerama posamba m'manja anakuwa kuti, “Abambo, kodi nanunso mukupita ku okushoni?”

Wolakwa sanavute kupeza, chala changa chachikulu chinali bii. Koma kundimenya kunayamba kwadikira, chifukwa Loweruka achemwali anga a Esinati ankamanga ukwati, ndipo amalume ndiwo anali nkhoswe, woyenera kuima kutsogolo m'tchalitchi, momwe mwamuna savala chipewa, msana ataulozetsa ku mpingo wonse. Anayesa sopo wochapira, mwala wotsukira mapazi, phulusa, mandimu, mchenga wa kudambo. Dazi linafiira ngati phwetekere, koma Z.M. ali pompo. Amalume ananenetsa kuti sakaima pamaso pa anthu ngati belo, ndipo a Esinati anadzitsekera m'nyumba n'kumalira. Apo pokha mtima unandigunda, pakuti mkangano wanga sunali ndi iwo.

Ndiye ndinakumbukira aphunzitsi athu a sayansi, amene anatiuza kuti mu maka muli zinthu zitatu: utoto, kaulimbo kogwiriza utotowo, ndi spiriti amene amauluka ukangolemba. Kaulimboko sikamva madzi, koma spiriti akabweranso kamasungunuka. Ndinapalasa njinga kukafunsa m'magolosale apafupi, spiriti osapezeka. Wotsala anali mmodzi yekha, kachasu wa anaPhiri, mayi amene amalume omwewo anawadula mu mpingo chifukwa chotcheza. Nditanena zimenezi amalume anati bola kufa. Lachisanu lonse anakana, akupala mutu ndi chitsononkho. Loweruka m'mawa, ng'oma za kwaya zitayamba kumveka, anandiitana osandiyang'ana.

“Pita. Koma udzere kuseri.”

AnaPhiri anaseka mpaka kukhala pansi. Anandithirira woyamba kutcheza, waukali uja, m'kabotolo, n'kukana ndalama, amvekere imeneyo ndi mphatso yawo ya ukwati. Kuseri kwa bafa amalume anagwada, ine n'kumapukuta ndi kansanza. Inki inayenderera m'makutu ndi m'ndevu, yakuda ngati madzi a m'chithaphwi, ndipo pasanathe nthawi dazi linayera. Ukwati unamangidwa bwinobwino. Kungoti amalume podutsa pakati pa mabenchi, amayi a kutsogolo ankakweza mphuno n'kumayang'anizana, ndipo abusa powapatsa moni anachedwa kuwasiya dzanja. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mlandu wanga unazengedwa Lolemba, alendo atabalalika. Ndinkayembekezera chikoti, koma amalume anatulutsa lezala. Anandikhazika pa mtondo pakati pa bwalo, ana onse a pa esiteti akuonerera, n'kundimeta mpala. Kenako anatsegula maka ija, kafungo kaja n'kundilasa, ndipo ndinamva kuzizira kwake ikuyenda pamutu panga: Z, M, ndi kamzere kapansi. Analamula kuti aliyense wondipatsa kachasu adzaona chakuda.

Ndinayenda nazo monyadira, ngakhale kumsika, chipewa ndikuchikana. Ndinaphunzirapo kuti zimene amati sizifufutika zimangodikira mankhwala ake, ndiponso kuti chilango cha amalume chinali ndi chibowo chimene iwo sanachione. Patangotha masabata awiri tsitsi langa linamera n'kukwirira zonse. Lawo tikulidikirabe.