Nkhumba za Orest ndi Manda a Lesia

Orest Pawluk anali mlamu wanga. Anakwatira mlongo wanga Lesia, ndipo munda wake unachita malire ndi wanga, kumpoto kwa chigawo cha Saskatchewan kumene minda ya tirigu imathera, nkhalango n'kuyambira pomwepo. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Inenso ayi. Tinkatha kuyenda pa galimoto imodzi kuchokera kumudzi mpaka kutauni, mawu a ulendo wonsewo n'kukhala akuti, "Alamu, tsekani windolo."

M'zaka za m'ma 1990 kunabwera alangizi m'dera lathu. Ankati tirigu yekha sangatisunge, tiyambe kuweta nguluwe zochokera kutsidya kwa nyanja, zaubweya wakuda, zomwe nyama yake inkagulidwa modula m'mahotela. Pamsonkhano wina anafunsa kuti nanga zikathawa?

Mlangizi anaseka. "Zithawire kuti? Mwezi wa Januwale kuno ngakhale chitsulo chimathyoka ndi kuzizira. Sabata imodzi yokha, zonse gwaa!"

Orest anagula khumi ndi ziwiri. Anazisakaniza ndi nkhumba zoweta kuti zizibereka ana ambiri, ndipo zinaberekadi. Pozipatsa chakudya ankamenya chimbale chakale cha pulawo ndi sipanala, katatu, kenako n'kuitana monga ankaitanira amayi ake: "Patsi, patsi, patsi!" Kwathu tinkachimva chitsulocho m'mawa uliwonse, ndipo malemu akazi anga ankatengerapo nthawi yotereka khofi.

Mu 2001 nyama inasowa wogula, koma nkhumba sizinaleke kudya. M'mawa wina wa Novembala ndinali pa thirakitala chakumalire. Ndinamuona Orest atagwada pampanda ndi pulayala. Anadula mawaya asanu, n'kubwerera kunyumba osacheuka. Nkhumba zinatuluka pamzere, zosathamanga, zazikulu patsogolo. Ndinawerenga makumi atatu ndi zinayi. Lamlungu kutchalitchi anthu anati mtengo unagwera mpanda. Ine sindinanene kanthu, kwa iye kapena kwa wina aliyense.

Sizinafe. Mu Febuluwale, tsiku lozizira mpaka ndevu kuuma, ndinadutsa kudambo la mabango lomwe lili kumunsi kwa tchalitchi. Dambo lonse linali mbee ndi chipale chofewa, kopanda mphepo, kopanda mbalame. Koma m'chipalemo munkatuluka timizere ta nthunzi, towongoka, tokwera kumwamba ngati utsi wa mudzi umene aliyense wasonkha moto. Ndinawerenga tisanu ndi tiwiri. Nkhumba zinali zitadula mabango ndi mano, kuwaunjika milu, n'kulowa pansi pake. Chipale chinafolera pamwamba. Zinali zitamanga nyumba. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndikumva dambo likupuma.

Kuyambira chaka chimenecho Orest anasanduka mlenje. Zaka khumi anazisaka ndi mfuti, ndipo anapha zambiri. Zimene sitinkadziwa n'zakuti ukawombera imodzi pagulu, zotsalazo zimabalalika. Gulu limodzi limasanduka magulu atatu, lililonse kulowera kwake, ndipo sizionekanso dzuwa likakwera. Mfuti ya Orest inazifesa m'dera lonse. Zinkalowa m'munda wa barele n'kuusiya ngati mwadutsa pulawo ya munthu woledzera. Zinkadya mazira a abakha akutchire. Kwa a Boyko zinadya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Anthu ankamutama Orest. Stella Boyko, mayi wa pakamwa posatseka amene amasamala tchalitchi chathu, ankamuthirira khofi kawiri.

"Pakanapanda inu, a Orest, bwenzi zitatidya tonse. Osati alamu anuwa. A Metro amangoyang'ana ngati kadzidzi."

Metro ndine. Orest ankangoyang'ana m'kapu.

Lesia anamwalira mu Okutobala 2021. Tinamuika kumanda a kuseri kwa tchalitchi, mzere womaliza, pafupi ndi mpanda wamatabwa. Lamlungu lotsatira Pasaka timapita kumanda ndi buledi ndi mazira ofiira. Wansembe amapemphera, timadya pang'ono, zotsala timasiyira akufa. Kamodzi pachaka. Orest kamodzi sikanamukwanire. Lesia ankakonda kutia, tirigu wowiritsa wothira uchi amene timadya pa Khirisimasi. Orest anaphunzira kumuphika, ndipo Lamlungu lililonse ankapita naye kumanda. Tirigu wina ankasiya m'mbale, wina ankathira pansi pafupi ndi mtanda.

"Mukumunenepetsa mlongo wanga, alamu," ndinatero tsiku lina.

"Kwanu munkamumana," anayankha.

Mbale ankaipeza yoyera sabata iliyonse. Ankati ndi akhwangwala.

Mu Febuluwale wa chaka chachitatu chimwalirire Lesia, galimoto yake inakana kulira, ndiye ndinamutenga pa yanga. Titazungulira tchalitchi tinaona njira m'chipale, yopondeka bwino ngati ya anthu opita kuchitsime. Inachokera kudambo, n'kulowa pamene matabwa awiri a mpanda anathyoledwa. Manda ena onse sinawakhudze. Inathera pa Lesia. Pamenepo chipale chinali chitafukulidwa, ndipo dothi linali ndi mikwingwirima ya mano. Nthaka inali itauma ngati mwala, choncho zinangokanda pamwamba. Koma uchi wa zaka ziwiri ndi miyezi unali utalowa pansi.

Orest anaima ndi mphika m'manja. Nthunzi inkatuluka m'mphikamo.

"Dothi likasungunuka zikumba," ndinatero.

"Mpaka pati?"

"Mpaka zitapeza pothera fungolo."

Anayang'ana kumwamba, kenako kudambo. "Masabata asanu ndi limodzi," anatero.

Nthawi imeneyi sanatenge mfuti. Tinamanga khola lozungulira lazitsulo m'mphepete mwa dambo, lotalika kufika pachifuwa, lokhala ndi chitseko chogwa chimene umachimasula pokoka chingwe uli patali. Lamulo la msampha wotere ndi limodzi. Sugwetsa chitseko mpaka gulu lonse litalowa. Ikatsala kunja imodzi, yaona, ndipo ana ake ndi zidzukulu zake sizidzalowanso m'khola mpaka kalekale.

Tinkathira chimanga chosasa m'kholamo, n'kubisala kuseri kwa mitolo ya udzu, mamita makumi asanu kuchokera pachitseko. Zinkabwera kukungocha. Zinalipo khumi ndi imodzi, ndipo yotsogolera inali mkota waukulu wa msana wotuwa. Sabata yoyamba zinangozungulira. Yachiwiri tiana tinalowa. Pofika yachinayi, khumi zinkadya m'kati mosatekeseka. Mkota uja ayi. Unkaima kunja kwa chitseko, osadya, mphuno italoza kumitolo yathu. Nkhumba siiona patali. Komabe ndinkachotsa maso anga.

"Akukudziwani mayiwa," ndinanong'ona tsiku lina.

"Akununkhiza masokosi anu," anatero Orest.

Sabata yachisanu denga la tchalitchi linayamba kudontha masana. Ndinabaya ndodo pansi, inalowa utali wa chikhatho. Lachinayi tinapeza dzenje pamanda a Lesia, lofika m'chigongono, ndipo mtanda unali utapendekeka. Orest analikwirira ndi manja. Ndinati tiike mawaya, tiike miyala. Anati zinathyola kale khola la ng'ombe kwa a Boyko, waya n'chiyani.

Lachisanu m'mawa anatsitsa m'galimoto zinthu zitatu: mphika wa kutia, sipanala, ndi chimbale cha pulawo chija, chofiira ndi dzimbiri. Ndinali ndisanachione kwa zaka zoposa makumi awiri ndi ziwiri.

"Alamu," ndinatero, "zimene zinkadziwa chitsulo chimenecho zinafa kalekale."

"Ndikudziwa."

"Nanga?"

"Inu gwirani chingwe. Ndikakweza dzanja mukoke. Musayang'ane ine, muziwerenga nkhumba."

"Mukhala m'kati?"

Anamanga bwino mpango wake. "Mpanda uja ndinadula ndine."

"Ndinakuonani."

"Ndikudziwa. Thirakitala yanu ija imamveka mpaka kumzinda wa Regina."

Analowa m'khola, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Anapachika chimbale pachitsulo cha kumapeto, kutali ndi chitseko. Kunali kutayera pang'ono, nkhungu itagona pamabango. Anamenya katatu. Kulira kwake kunali komwe kuja, ndipo ndinapezeka ndikuganiza za khofi wa akazi anga.

"Patsi, patsi, patsi!"

Kwa nthawi sipanachitike kanthu. Kenako mabango anapatuka. Zinatuluka pamzere, zosathamanga, zazikulu patsogolo, monga momwe zinatulukira tsiku lija. Nkhumba zakutchire zikamva chitsulo kapena mawu a munthu zimathawa. Ndakhala ndikuziganizira zimenezi, ndipo yankho ndilibe. Mwina linali fungo la uchi basi. Ndikungonena zimene ndinaona.

Khumi zinadutsa mkota uja pachitseko n'kuyamba kudya chimanga, Orest ali chiimire pakati pawo ngati mtengo. Mkota unaima pamalo pake pa masiku onse. Orest anavundukula mphika, n'kukhuthula tirigu pamapazi ake. Anaitananso, motsitsa mawu, ngati akuitana mwana.

Mkota unakweza mphuno. Unaponda kamodzi, kawiri. Unaima pansi penipeni pa chitseko, theka m'kati theka kunja. Kenako unayenda molunjika mpaka pa nsapato za Orest, n'kuweramitsa mutu.

Ndinawerenga khumi ndi imodzi. Dzanja linakwera. Ndinakoka.

Chitseko chitagwa, khola lonse linaphulika. Nkhumba zinkadzimenyetsa kuzitsulo, zikulira kulira kumene sindikufuna kukumvanso. Orest anagwira chitsulo chapamwamba, n'kuponya mwendo umodzi kunja. Mkota sunathamangire kuchitseko ngati zinzake. Unatembenukira iye. Unamung'amba ntchafu yotsalayo kuchokera pabondo kupita m'mwamba, iye n'kugwera kunja, m'chipale.

Ndinamumanga mwendo ndi lamba wanga. Kenako ndinatenga mfuti m'galimoto n'kumaliza ntchito, imodzi imodzi. Mkota ndinayamba nawo. Pamene ndinkamukokera Orest m'galimoto, milomo yake inali itayera.

"Zingati?" anafunsa.

"Khumi ndi imodzi."

"Kawerengeninso."

"Alamu, mukutha magazi."

"Magazi ndi anga. Kawerengeni."

Ndinapita kukawerenganso. Zinali khumi ndi imodzi.

Anakhala kuchipatala masabata atatu. Lamlungu lotsatira Pasaka anafika kumanda ndi ndodo ziwiri. Dothi linali litafewa mpaka nsapato kumira, koma pa Lesia panali posalala, mtanda uli chilili, timaudzu tikuphuka pamene panali dzenje. Wansembe atamaliza, Orest anaika buledi ndi dzira pamandapo. Anakhala pampando wopinda mpaka anthu atayamba kubalalika, kenako anawerama n'kuzibwezera m'thumba.

Mwendowo sunapole bwino. Anamwalira mu Seputembala. Kutatsala sabata anandiitana, ndipo ndinaganiza kuti akufuna kunena za mpanda, kuti ndiwauze anthu kapena ndisawauze. Sananene za mpanda.

"Simenti," anatero. "Pamanda a tonse awiri. Yochindikala. Musaumire ngati mmene munaumirira pa khonde lanu lija."

Ndinathira yochindikala chikhatho chimodzi ndi theka, ndi zitsulo m'kati.

Tsopano Lamlungu lotsatira Pasaka ndimatsalira kumanda. Anthu akakwera magalimoto, ndimayenda mzere ndi mzere ndi thumba, kutola buledi ndi mazira onse. Chaka chino Stella Boyko anabwerera kudzatenga mpango umene anaiwala, n'kundipeza.

"A Metro! Mukubera akufa? Ngati kwanu kuli njala bwanji osanena, ndikuphikireni?"

"Adya kale," ndinatero.

"Ndani wakuuzani?"

Ndinatola dzira pamanda a amuna ake n'kuliika m'thumba. Mu Febuluwale ndinali nditadutsa kudambo m'mawa wopanda mphepo. Kumapeto kwenikweni, chakunkhalango, kunali timizere tiwiri ta nthunzi.