Kamba wa Masiku Atatu

Bodzali ndinalinena chaka changa choyamba ku Mangalande, komwe ndimagwira ntchito ya unamwino. Amayi anandifunsa pa foni: "Kodi kumeneko n'kutali bwanji, mwanawe?"

Ine ndinkaopa kuti azindiitanira maliro alionse ndi chinkhoswe chilichonse cha kwathu ku Nsaru. Ndiye ndinayankha mosaphethira n'komwe: "Masiku atatu, amayi. Usana ndi usiku, muli m'ndege momwemo."

Zoona zake n'zakuti ukanyamuka ku London madzulo, kumakuchera ku Addis Ababa patatha maola ngati asanu ndi atatu. Ukadikira pang'ono n'kukwera ina, maola ena anayi watera ku Lumbadzi dzuwa lili paliwombo. Tsiku lathunthu silikwana.

Amayi anakhulupirira, ndipo monga mwa khalidwe lawo anakaiwanditsa nkhaniyo kwa amayi anzawo a kumpingo. Wina akadandaula kuti mwana wake wa ku Kasiya sabwera kudzamuona, iwo ankati, "Wanuyo ndiye alibe chifukwa. Wanga ndi masiku atatu." Ndinkamva, n'kumaseka chamumtima.

Pa zaka zisanu ndi chimodzi ndinabwera kawiri kokha. Pobwerera ankandikonzera kamba: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, nkhuku, zonse m'majumbo atatu omanga bwinobwino. "Ili la lero, ili la mawa, ili la mkuja. Usayambe la mawa lero, ndimakudziwa iwe." Ndinkalandira ndi manja awiri, n'kukamusiyira dalaivala pa Lumbadzi. Manyazi ndinkachita, koma osati okwanira kuti ndiulule.

Lachinayi lina m'mawa achemwali anga aakulu anandiimbira. Amayi anali atatisiya m'bandakucha ku chipatala cha Kabudula, komwe anagonekedwa Lachiwiri. Ndinapsa mtima. Ndinawakalipira achemwali ngati mwana: bwanji osandiuza Lachiwiri lomwelo?

Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenaka anati, "Foni ndinaitenga, iwe. Koma amayi anandigwira dzanja. Akuti, 'Usamuvutitse mwana. Masiku atatu sandipeza ine, angozunzika m'njira mtima uli m'mwamba. Udzamuuze zikatha.'"

Ndinakhala pansi. Akanandiimbira Lachiwiri, Lachitatu masana ndikanakhala ndili pambali pa bedi lawo, akadali ndi mawu. Odwala a eni ndawagwira manja osawerengeka, a amayi anga ayi. Palibe wina amene anandimana zimenezi koma ine ndemwe.

Ndinakwera ndege madzulo omwewo. Lachisanu dzuwa litapendeka ndinatsika galimoto pakhomo. Anthu anali ochepa, poti amalume anali atalengeza kuti mwambo udikira mpaka Lolemba, mwana wakutali afike. Achemwali anatuluka m'nyumba akumanga chitenje. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana chikwama changa, n'kundiyang'ananso.

"Wafika kale?" anatero.