Mphasa Pakhomo, Atombolombo Kudambo

Amene anandilakwira anali apongozi anga aakazi. Ananditulutsira mphasa ndi khasu pakhomo anthu akuona, kutanthauza kuti ukwati watha, ndizipita kwathu. Ati mkamwini wawo ndi wamisala, amangokhalira kucheza ndi atombolombo kudambo.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndili pachikamwini m'mudzi wina wa ku Chiparamba. Akamwini anzanga anali atakwera basi pa boma la Fort Jameson kukasaka ntchito kumwera. Ine ndinakana kusiya mkazi wanga ali ndi pakati. Sukulu ndinaisiyira panjira chifukwa cha mtima wangawu: munthu akandiputa, dzanja linkayankha pakamwa pasanatseguke. Tsono pachikamwini suyankha. Apongozi aakazi sulankhula nawo maso ndi maso, ndipo ukakumana nawo panjira umapatukira m'tchire. Koma mawu awo ankandipeza ndithu. Ankafunsa mwana wawo mokweza, akudziwa kuti ndili kuseri kwa nkhokwe:

"Iwe, bwana wako uja wadzuka? Anzake akutumiza mabulangete, iye atumiza chiyani, udzudzu?"

Magazi akawira chonchi ndinkatsikira kudambo, kunsi kwa dimba. Kukhala pansi sindinkatha. Ndinkangoyendayenda m'mphepete mwa madzi nditakunga zibakera. Atombolombo nawo sakhazikika, mwina n'chifukwa chake tinagwirizana. Wamkulu wofiira ankaima m'malere malo amodzi mapiko akunjenjemera, kenaka uyo wathamangitsa mnzake, uyo wabwerera pabango lomwe lija. Panalinso tina tabuluu, toonda ngati ulusi, totera n'kupinda mapiko pamsana. Ena ankauluka atalumikizana awiriawiri, wam'mbuyo akugunditsa mchira pamadzi. Ndikawatsata ndi maso, phuma linkatsika, zala n'kumasuka. Dimba ndinkathirira ndithu, koma amayi odzatunga madzi anangoona munthu wamkulu akutsata tizilombo, nkhani n'kukafika nayo kwa apongozi.

Tsiku la mphasalo ndinapeza mkazi wanga atakhala pakhonde, maso ali psuu.

"Pitani mukauze ankhoswe, musachite zanu zija," anatero.

Ankhoswe anga anali kutali, ku Chipangali. Ndikanangochoka, mudzi wonse ukanati ndavomera. Ndinatola mphasa n'kuibwezera m'nyumba, khasu n'kuliika paphewa, ulendo kudambo. Atombolombo analipo, koma tsikulo sanandithandize. Maso anga ankathamanga kuwaposa.

Pobwerera, pakanjira kopapatiza ka pakati pa mabango, ndinangoona apongozi akutsika atasenza ndowa. Anaima, kudikira kuti ndipatuke. Miyendo inafuna kulowa m'bangomo mwachizolowezi, ine ndinaikaniza. Khasu ndinaliponya kutali, chifukwa dzanja langa ndinkalidziwa. Ndinanjuta pakati penipeni panjira, manja kumbuyo. Nkhope yawo ndinaiona bwino koyamba tsiku limenelo. Inali yotopa.

"Amayi," ndinatero, "ndaphwanya mwambo, ndikudziwa, mbuzi yake ndidzapereka. Koma atombolombo amene mukundiseka nawowa ndi amene akhala akundigwira dzanja chifikireni muno. Mukanyoza, ine ndimabwera kuno kuti ndisakuyankheni. Mphasa ndaibwezera m'nyumba. Kumwera sindipita, kwathu sindibwerera. Mwana wanga akabadwa adzandipeza pompano, ndipo mukaitulutsanso mphasayo ndidzagona pakhomo panu."