Tsiku Limene Anatsitsa Mahandulo

Amuna anga anali aatali, ndipo njinga yawo anaikweza molingana ndi msinkhu wawo. Ine ndikaima pambali pake, chishalo chinkandifika m'nthiti. Sindinkadandaula. Popita ku tchalitchi ku Sinda malo anga anali pakaliyala, mwana wathu wamwamuna atakhala pachitsulo chapakati. Bambowa ankakhala kwathu pachikamwini, ndipo pamudzi ponse njingayo ndiyo yokha inali yawoyawo. Ngakhale amalume sankaikhudza.

Chaka china, titangokumba mtedza, anayamba kusakhazikika. Akakhala pansi, adzuka. Lole ikamveka pamsewu waukulu ankadukiza nkhani mpaka phokoso lizilale. Anzawo anali atapita kale ku Walale, kumafamu a fodya. Amayi anga anandinong'oneza kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinawayankha mwamwano chifukwa ndinkadziwa kuti akunena zoona.

M'mawa wina ndinawapeza amuna angawo pansi pa mtengo wa mango, sipanala ili m'manja, chishalo atachitsitsa mpaka pomaliza.

"Amayi, tabwerani muime apa," anandiuza.

"Ndiimirenji?"

"Ndione pomwe manja anu afika."

"Manja anga afika pamunsi ndi pakhasu. Njinga ili ndi mwini wake."

Anamasula bauti wa pakati pa mahandulo, n'kumugogoda ndi mwala, mahandulo n'kutsika. Anapanira gudumu lakutsogolo m'mawondo, n'kumawongola atatsinzina diso limodzi. Kenako analimbana ndi tindodo tachitsulo ta mabuleki, poti mahandulo akatsika nato timafunika kufupikitsa, apo ayi ufinya buleki njinga ikungopita. Mtima unandiwawa kwambiri. Mwamuna satsitsira mkazi njinga ngati mwini wake akhalapo.

Atapita kudimba ndinatenga sipanala ija n'kukweza zonse. Ndinakweza mokhota, komabe ndinakweza. Atabwera anatsitsa. M'mawa mwake ndinakwezanso. Tinakokanakokana chonchi mpaka mutu wa bauti uja unayamba kudyeka, koma palibe anatchulapo za Walale. Sipanala ndinaibisa m'nkhokwe, iwo anakabwereka ina kwa aphunzitsi.

Mapeto ake anangondigwira dzanja n'kuliika pahandulo, n'kutambasula zala zanga kuti aone ngati zikufika pabuleki. Sizinkafika. Anapinda chogwirira chija pang'ono kuti chiyandikire.

"Mwana akadwala, kuchipatala ku Katete n'kutali," anatero. "Tafinyani."

Ndinafinya ndi ukali wanga wonse, gudumu linaima nji.

"Mubwera liti?" ndinafunsa.

"Dzinja likangotha."

Anapita wapansi kukadikira lole. Sindinawaperekeze.

Ndinaphunzira kupalasa kuseri kwa munda, ndikugwera m'mizere, nsalu ikukodwa pachitsulo. Akazi anzanga kuchitsime ankandiseka kuti ndasanduka mesenjala wa kuboma. Chimene chinkandipsetsa mtima koposa n'chakuti anaikonza bwino. Msana sunkapweteka, manja sankachita dzanzi, ndipo pamtsetse wa kumtsinje ndinkaima pomwe ndafuna. Ndinanyamulirapo mtedza, ndinathamangitsirapo mwana ku Katete malungo atamugwira, ndipo ulendo uliwonse ndinkawatukwana bambowa chamumtima. Lole ikamveka pamsewu, tsopano ndine ndinkadukiza nkhani. Dzinja linatha, linanso linatha. Amuna anga anachona.

Mwana uja anakula, natengera miyendo ya atate ake. Tsiku limene ndinaona mawondo ake akugunda mahandulo, ndinakatenga sipanala ndekha. Ndinakweza chishalo, ndinakweza mahandulo, mabuleki ndinawatalikitsa bwinobwino, poti panthawiyo ndinali nditadziwa. Ndinabwerera pakaliyala ndili wosangalala ngati mkwatibwi. Ndinkati nkhani ya sipanala yathera pamenepo.

Koma chaka chimene anthu ankakamba zoti chitaganya cha maiko atatu cha atsamunda chikutha, mwanayo nayenso anayamba kudzukadzuka. Ankapita kumsewu popanda chokachita, n'kubwera ali ndi nkhani za kumigodi. Ndinamupatsa ndime yake yakeyake. Ndinamuuza za mtsikana wina wa ku Mkaika wolimbika pakhasu. Ankangoti, "Ndamva, amama," maso ali kwina.

Titakumba mtedza, ndinamupeza m'mawa pansi pa mango womwe uja. Chishalo chinali chitatsika kale.

"Amama, tabwerani muime apa."

Ndinafuna kukuwa, kulanda sipanalayo n'kuiponya m'chimbudzi. Koma masewera amenewo ndinali nditawasewerapo, ndipo ndinkadziwa mathero ake. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta fumbi pakhosi pa mahandulo. Mzere wa dzimbiri unali pomwepo.

"Usavutike n'kundiyeza," ndinamuuza. "Tsitsa mpaka apa. Ndi pomwe anasiya atate ako."

Anawerama osandiyang'ana. Ine ndinapanira gudumu lakutsogolo m'mawondo mwanga kuti mahandulo asakhote, iye n'kumanga bauti.